Duwa la m'nkhalango lija musalizule, achemwali

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Akuti akuyenda m'nkhalango ya m'mbali mwa phiri anapeza maluwa a orchid atamasula pansi pa mitengo, ndiye akufunsa ngati angawazule n'kukabzala pakhonde pawo. Achemwali, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa zimenezi ine ndinazichitapo.

Ndinakulira ku Dedza, ndipo agogo anga aakazi ankakumba chinaka. Mvula ikamatha ankanyamula kakhasu kawo n'kunditenga kupita kudambo. Kwa ine chinaka chinali ndiwo basi: ankasinja timbatata tija, kusakaniza ndi nsinjiro, kuthira chidulo ndi mchere, n'kuvundula mpaka zitalimba zodula ndi mpeni. Anzathu a ku Zambia amati chikanda. Ndinadzadziwa ndili wamkulu kale kuti timbatata timeneti ndi ta ma orchid omera pansi, amitundu monga Disa, Satyrium ndi Habenaria. Maluwa amene azungu amabwera kudzajambula ndi omwewo amene tinkadyera nsima.

Chaka china mu February nditapita kumudzi ndinapeza duwa limodzi lofiirira patsinde pa msuku. Ndinaima nthawi yaitali ndikungoliyang'ana. Kenako ndinalikumba mosamala pamodzi ndi dothi lake, n'kukalibzala mu ndowa ku Lilongwe. Ndinkalithirira, ndinkaliika pamthunzi. Linauma, ndipo dzinja lotsatira silinaphukenso. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti pamene ndinalichotsa paja sipanamerenso lina, ngakhale ndimakaonapo nthawi zonse ndikapita.

Chifukwa chake ndinachimva mochedwa. Njere za orchid ndi zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya chosungira, ndipo kuti zimere zimadalira bowa wina wosaoneka ndi maso amene amakhala m'nthaka momwemo. Ngakhale mbewuyo ikakula, ubale umenewu nthawi zambiri umapitirirabe. Mukazula duwa, mwalilekanitsa ndi nthaka, mthunzi ndi chinyezi zimene linazolowera.

Dziko lathu lili ndi mitundu ya orchid yoposa 400, ndipo pafupifupi 200 imapezeka ku Nyika kokha. Ndi angati a ife amene anaphunzitsidwa zimenezi kusukulu? Ku Tanzania anafika pokhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005 makamaka pofuna kuteteza maluwa, chifukwa timbatata tinkakumbidwa kochuluka n'kumawoloka malire kupita kumisika ya ku Zambia. Ife tikungoonerera.

Koma pano ndinene mosabisa: sindidzaloza chala mayi wa kumudzi amene akukumba chinaka kuti ana ake adye. Agogo ankakumba pang'ono, kwina n'kusiya, ndipo dambo lija silinathe m'manja mwawo. Lidatha pamene anthu anayamba kudzaza matumba okagulitsa, pamene madambo anasanduka madimba, pamene mitengo ya mombo ndi misuku inalowa mu uvuni wa makala. Makala amenewo timagula ndife a m'tauni. Ndipo munthu wa m'tauni wozula duwa kuti akongoletse khonde alibe chodzikhululukira, chifukwa iye njala sinamutume. Ineyo sinanditume.

Ndiye mutani?

Lisiyeni pomwepo. Jambulani ndi foni duwa, masamba ndi malo amene lamera, koma mukaika zithunzi pa Facebook musatchule malo enieni. Mukafuna dzina lake, zithunzizo kaonetseni ku National Herbarium, malo osungirako ndi kufufuzirako zomera, konko ku Zomba. Samalani popondapo, chifukwa pafupi pamakhala tina tating'ono tosamasula. Pakhonde gulani ma orchid oweta kwa ogulitsa maluwa, ndipo muwafunse kumene anawatenga. Mukabwerereko January kapena February wa chaka chamawa, mvula ili pakati, mudzandilembere ngati lamasulanso.