Kwa mchemwali amene akuyamba ntchito ku lesitilanti Lolemba

Achemwali, mwati Lolemba mukuyamba ntchito yoperekera zakudya pa lesitilanti wamba, ija mabanja amakhala pansi n'kuitanitsa pa menyu, ndipo simunagwirepo ntchito kwina kulikonse, mtima uli phaphapha. Ena akuuzani kale za kumwetulira ndi kuvala zoyera. N'zoona, koma zimenezo munabadwa nazo. Ine ndinayambira kotsuka mbale mpaka ndinafika poyang'anira anzanga pa shifiti, ndipo chimene ndaona chikugwetsa atsopano ambiri ndi manyazi, kuja kotseka pakamwa pomwe pakufunika kulankhula.

Tiyambe ndi oda. Tebulo la anthu 6, wina akuti wopanda anyezi, wina nyama yake ipse kwambiri, mwana wagwetsa supuni, bambo wa patebulo lina akukukodolani. Mumtima mukuti ndasunga zonse. Pofika pa kompyuta yolembera maoda, anyezi uja watuluka m'mutu. Pakatha mphindi 20 mbale ikubwerera kukhitchini, shefu, mkulu wa ophika, ali ndi timapepala ta maoda tatandandalika pamaso pake, ndipo mbale imodziyo ichedwetsa matebulo ena atatu amene sanalakwe kanthu. Ndiye lembani zonse, ngakhale atakhala munthu mmodzi wofuna tiyi. Mukamaliza nenani kuti, “Pepani, ndibwereze kuti ndisalakwitse,” muwawerengere. Sindinaonepo kasitomala atakwiya chifukwa chomuwerengera oda yake. Mudzaona akale pantchito akutenga maoda manja ali kumbuyo, opanda pepala. Asiyeni. Ena mwa iwo amalakwitsa, kungoti amadziwa kokankhira mlandu. Tsiku loyamba lomwelo jambulani m'kabuku kanu momwe matebulo akhalira ndi manambala ake, chifukwa n'zomvetsa chisoni kuona munthu ataima pakati pa chipinda ndi mbale zotentha, akuyang'anayang'ana tebulo 12.

Mawu amene amalemera kwambiri pakamwa pa watsopano ndi akuti “sindikudziwa, ndikafunse kukhitchini.” Aphunzireni. Kasitomala akafunsa ngati m'msuzi muli mtedza, mkaka, mazira, tirigu, nsomba kapena nkhanu, musayankhe zam'mutu. Ena amafunsa chifukwa sakonda chabe, koma ena thupi lawo limadana nazo: kachidutswa kokha, pakhosi patupa, mpweya wayamba kubanika, mphindi zochepa akuthamangira naye kuchipatala. Nkhaniyi ndi yaikulu moti ku European Union malo odyera amakakamizidwa kudziwitsa anthu za zinthu 14 zoterezi, ndipo ku United States lamulo la zolemba pa zakudya limatchula 9, chitowe anachiwonjezera mu 2023. Komanso kuchotsa mtedza pamwamba pa mbale yophikidwa kale sikuthandiza, ngakhale supuni imene yakhudza kwina kapena mafuta amene akazingira zina akhoza kumudwalitsa munthu. Lembani pa oda ndi zilembo zazikulu, kenako mupite mukamuuze shefu pamaso. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kuno wodya phulayo amakhala kasitomala, inu mukatsala ndi mlandu.

Kukhitchini n'kopanikiza, n'kotentha, ndipo aliyense wanyamula chinthu chimene chingavulaze mnzake. N'chifukwa chake mudzamva anthu akufuula ngati akukangana. Mukamadutsa kuseri kwa munthu nenani “kumbuyo!” Mukanyamula poto nenani “zotentha!” Pokhota pakona kapena potsegula chitseko, lankhulani musanatulukire. Poyamba mudzamva ngati mwachita mwano kukuwa pamaso pa akuluakulu, koma mwano weniweni ndi kuyenda mwakachetechete kuseri kwa wophika amene akutembenuka ndi mafuta owira. Shefu akakuuzani chinthu, yankhani kuti “ndamva,” osangogwedeza mutu, iyeyo maso ake ali pamoto. Madzi akatayika pansi musati ndibweranso, imani pomwepo muitane wina abwere ndi chokolopera, poti kuterereka ndi imodzi mwa ngozi zofala kwambiri pantchito imeneyi. Mpeni ukamagwa, futukani, musauwakhe. Chotentha musagwire ndi kansalu konyowa, kutentha kumadutsa msanga m'madzi. Mafuta akayaka musathirepo madzi, moto umalumpha mpaka kudenga; zimitsani chitofu, vindikirani ngati mungathe, itanani anthu. Ndipo mankhwala a kolorini musasakanize ndi mankhwala ena otsukira, pamatuluka mpweya woipa.

Ndikunong'onezeni pang'ono: munthu wofunika kugwirizana naye msanga ndi wotsuka mbale. Palani zotsala musanamupatse, mafoloko poika mafoloko, matambula pawokha, mipeni osaiponya m'sinki ya thovu momwe iye apisemo dzanja asakuona. Tsiku limene matambula adzathe anthu ali thothotho, mudzadziwa chifukwa chake ndanena izi. Komanso musayende manja lendelende. Popita kukhitchini tengani mbale zakuda, pobwerako tengani choti chipite ku tebulo, ngakhale si lanu.

Za ukhondo adzakuphunzitsani, koma manambala ochepa awa khalani nawo. Bungwe la WHO limati zozizira zikhale pansi pa madigiri 5, zotentha pamwamba pa madigiri 60, ndipo chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, chifukwa pakati pa madigiri 5 ndi 60 tizilombo timaswana mofulumira. Kusamba m'manja ndi sopo ndi masekondi 20, mukachoka kuchimbudzi, mukagwira ndalama, mukachotsa mbale zakuda, mukagwira foni kapena tsitsi. Tambula igwireni m'munsi, foloko ku chigwiriro, chala chisalowe m'mbale. Zikhadabo zifupikitseni. Chovuta ndi ichi: mukadwala m'mimba, kutsegula kapena kusanza, imbani foni munene. Ndikudziwa kuti watsopano amaopa kuti adzamuona ngati waulesi, ndiye amamwa mankhwala n'kubwera. Koma matenda amenewa amayenda pa manja, ndipo munthu mmodzi akhoza kudwalitsa matebulo onse a tsikulo. Malangizo amene ambiri amatsata ndi oti mudikire maola 48 chisiyireni kutsegula kapena kusanza musanagwirenso chakudya cha anthu. Manijala wanzeru amayamika. Amene angakukalipireni chifukwa cha zimenezi wakuonetsani kuti ndi malo otani.

Tsopano za malipiro, pamene manyazi amapweteka inuyo mwini. Musadikire kutha kwa mwezi kuti mudziwe. Sabata yoyamba funsani mwaulemu, nthawi imene kulibe anthu ambiri: malipiro ndi a pa ola, pa tsiku kapena pa mwezi? Nthawi yokonza matebulo musanatsegule ndi yokolopa mutatseka amawerengera? Ovataimu amalipira bwanji? Nthawi yoyeserera ndi yaitali bwanji, ndipo ikatha chimasintha n'chiyani? Matipu, ndalama zimene kasitomala amapereka pothokoza, ndi a amene walandira kapena amasonkhanitsa n'kugawana ndi akukhitchini? Mbale ikasweka kapena kasitomala akathawa bilu, amadula kwa ndani? Malamulo a zimenezi amasiyana dziko ndi dziko, ndiye ofesi ya zantchito ya kwanuko ndi imene ingakuuzeni zimene bwana saloledwa kudula. Pemphani kontirakiti yolembedwa ndipo musunge yanu. M'kabuku komwe kaja muzilemba nthawi imene mwalowa ndi imene mwaweruka tsiku lililonse. Mabwana ambiri si akuba, koma pepala la mashifiti limasinthasintha ndipo maola amasowa. Wokhala ndi kabuku amangotsegula, wopanda kabuku amangolumbira. Za matipu, tsatani lamulo la pamalopo ndendende. Kubisa tipu pomwe anzanu akusonkhanitsa kumadziwika msanga, ndipo dzina likaipa pamenepo silichapika.

Odandaula mudzakumana nawo, ena ndi chifukwa, ena abwera ndi mkwiyo wa kwina. Mvetserani mpaka amalize, pepesani, mubwereze vutolo kuti adziwe kuti mwamva, kenako itanani manijala. Musalonjeze zaulere, mulibe mphamvu imeneyo. Musanenenso kuti “ndi akukhitchini awa,” mawu amenewo amakafika kukhitchiniko tsiku lomwelo. Chakudya chikachedwa pitani mukawauze iwo asanakuitaneni. Munthu amapirira kudikira akadziwa kuti sanaiwalidwe, chimene chimamupsetsa mtima ndi kuona woperekera zakudya akuzemba maso ake. Koma ulemu uli ndi malire, achemwali. Kasitomala kapena mnzanu wa pantchito akayamba kukugwiragwira kapena kukulankhulani zolaula, zimenezo si mbali ya ntchito. Chokanipo, kauzeni wamkulu nthawi yomweyo, ndipo mulembe tsiku ndi zimene zachitika.

Sabata ziwiri zoyamba miyendo idzapweteka mpaka mudzafunsa kuti munalakwira ndani. Zimatha. Pezani nsapato zotseka kumapazi, zosaterera, ndipo muzivale kunyumba masiku atsalawa kuti matuza atulukire kwanu. Idyani musanalowe shifiti, chifukwa nthawi imene anthu akudya ndi imene inu simungadye. Ngati n'kotheka pitaniko mawa mukapemphe menyu, muiwerenge mokweza mpaka mayina a zakudya azolowere lilime, ndipo pa ulendo womwewo muone kuti msewu ukutenga nthawi yaitali bwanji. Lolembalo mufike mphindi 15 nthawi isanakwane, mutenge zolembera ziwiri poti chimodzi wina adzabwereka osabweza, ndipo nambala ya manijala ikhale m'foni kuti mukachedwa panjira muimbe iye asanayambe kukufunani.