Mwana wanu sanalodzedwe, ndipo mwina mankhwalawo sanakanike

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wake wa zaka 11 amasamba m'manja mpaka khungu kung'ambika, adokotala anati ndi OCD (matenda a mantha okakamiza munthu kubwerezabwereza chinthu chimodzimodzi), wamwa mankhwala a fluoxetine miyezi iwiri koma palibe chosintha. Akufunsa kuti alowere kuti. Mayi, kalata yanu yandilasa mtima, chifukwa mwana wotereyu ndinali ine.

Langa silinali vuto la madzi, linali la pemphero. Ndili Sitandade 5, ndikaphonya liwu limodzi popemphera ndinkayambiranso, poopa kuti ndikapanda kutero amayi amwalira usiku womwewo. Nthawi zina tambala ankalira ndikadagwada. Azakhali ankanyadira, amvekere "uyu ndi m'busa wathu wam'tsogolo". Agogo anati ndi zam'nyumba, ananditengera kwa sing'anga, mphini zake ndili nazo pachifuwa mpaka lero. Amayi okha ndiwo ankandimvera chisoni, ndipo ndikawafunsa kuti "simumwalira?" ankayankha mofatsa kuti ayi mwanangu. Mtima unkakhala pansi kamphindi, kenako ndifunsenso, iwo ayankhenso, mpaka pakati pa usiku. Ankachita mwachikondi, koma yankho lililonse linali ngati kukanda mphere: pokoma ndi pomwepo, chilonda chikukula.

Ndinadzapeza chithandizo ndili wamkulu kale, ndikugwira ntchito ku Johannesburg. Chimatchedwa ERP, ndi uphungu osati mankhwala. Umayandikira dala chomwe ukuchiopa, pang'onopang'ono, koma osachita kamwambo kako kaja, mpaka thupi lizindikire lokha kuti mantha amakwera n'kutsika popanda tsoka kugwa. N'chowawa, ndinalira, koma chinandimasula.

N'chifukwa chake mawu akuti "chithandizo chakanika" sindiwalandira msanga. Chakanika chiti? Mu 2004 ku America anachita kafukufuku wotchedwa POTS pa ana 112 a zaka 7 mpaka 17. Mwa amene anamwa sertraline yekha, mnzake wa fluoxetine, pafupifupi 21 pa 100 alionse ndiwo anachira. Amene analandira uphungu wa ERP wokha anafika 39, ophatikiza zonse ziwiri anafika 54. Ndiye mwana amene wangopatsidwa mapilitsi sanalandirebe chachikulucho. Komanso OCD imachedwa kumva mankhwala kuposa matenda ovutika maganizo: pamafunika masabata 10 mpaka 12, pa mlingo wokwanira, womwe nthawi zambiri umakhala wokwererapo. Miyezi iwiri pa mlingo woyambira si umboni wa chilichonse. Ndipo ena kuno amapatsidwa amitriptyline poti ndi amene ali pa shelefu, pamene pa OCD sathandiza.

Za aneneri ogulitsa madzi odzozedwa ndisayambe n'komwe. Ayi, ndiyambe. Mwana woopa kudetsedwa mukumupatsa botolo kuti azidziwaza asanagone, simukuona kuti mwamuwonjezera mwambo wina? Pempherani naye, inenso ndimapemphera, koma kamodzi, n'kunena ameni, basi.

Palinso nkhani ya zilonda zapakhosi. Mu 1998 Dr. Susan Swedo ndi anzake anafotokoza za ana amene OCD inawagwera mwadzidzidzi atadwala pakhosi chifukwa cha tizilombo ta streptococcus, tomwe tija timawononga mtima wa ana ambiri kuno kwathu. Madokotala amatsutsanabe pa nkhaniyi, koma ngati mwana anagona bwinobwino n'kudzuka wosinthiratu, akugwedezeka manja mosafuna kapena wayambanso kukodza pogona, adokotala amve zimenezo.

Ndiye mutani, mayi?

Bwererani kuchipatala, musamusiyitse mankhwala nokha. Funsani ngati mlingo ungakwezedwe, ndipo mutchule ERP ndi dzina lake, poti uphungu wongocheza sukwanira. Funsirani ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Fluoxetine akakanikadi, amayesa mnzake monga sertraline, kenako clomipramine, amene amafuna kuyeza mtima kaye. Ena amawonjezera risperidone kapena aripiprazole pang'ono, makamaka kwa mwana amene thupi lake limagwedezeka mosafuna, koma amenewa amanenepetsa ndi kugonetsa, si oyambira. Mlingo ukasinthidwa muzimuyang'anitsitsa, akayamba kukamba zodzipha thamangani naye tsiku lomwelo.

Gawo lanu kunyumba ndilo lovuta. Eli Lebowitz wa ku yunivesite ya Yale ku America anakonza njira yotchedwa SPACE yomwe imaphunzitsa makolo okha, mwana osapitako, kuti asiye kutumikira matendawa. Sankhani chinthu chimodzi, mwina kumutungira ndowa yachitatu, mumuuze masana mtima uli m'malo kuti kuyambira mawa simudzatunganso. Adzakuwa, mwina masiku oyamba zidzanyanya. Musamukalipire, musamumenye, mungoti "ndikudziwa kuti ukuopa, koma upirira". Agogo ndi azakhali muwauziretu, asakamutungire kuseri.