Kodi kambalame kogwedeza mchira pagombe tingakatche kakowa?

Funso: Ndine mphunzitsi ku Zomba, ndipo ndikulemba phunziro la mbalame za ku nyanja ya Chilwa. M'buku la Chingerezi muli mbalame yotchedwa common sandpiper. Kodi ndilembe kuti kakowa, popeza nayonso imakhala kumadzi?

Yankho: Ayi aphunzitsi, musatero. Kakowa mwana aliyense amamudziwa: woyera, wa khosi lalitali, wina amatsata ng'ombe kudambo. Sandpiper ndi wamng'ono, masentimita pafupifupi 20, wotuwa kumsana, woyera kumimba. Chomuzindikirira chake n'chakuti sakhazikika: akamayenda m'mphepete mwa madzi amangogwedeza mchira, ndipo mukamudzidzimutsa amauluka chapansipansi, pafupi kukhudza madzi. Amaswana ku Ulaya ndi ku Asia, kuno amadzangocheza, makamaka kuyambira cha mu Seputembala mpaka Epulo. Mukamutcha kakowa, ana adzakafunafuna mbalame yoyera n'kuphonya kamene kali pamaso pawo.

Yambani mwafunsa asodzi a pa doko la Kachulu ku Chilwako dzina limene iwo amatchula, muwaonetse chithunzi. Dzina lochokera pagombe limaposa lopeka pa desiki. Pofotokoza, lembani kuti "kambalame ka m'mphepete mwa madzi kogwedeza mchira", dzina la Chingerezilo libwere kamodzi kokha.

Samalani pa mgwirizano wa mawu, chifukwa apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mukayamba ndi kambalame, pitirizani ndi ka-: kambalame aka kamajompha tizilombo. Zikachuluka ndi timbalame, ndipo zonse zitsate ti-: timbalame iti timabwera nthawi ya dzinja. Chiganizo chakuti "timbalame izi zimabwera" n'cholakwika, ngakhale chimamveka kawirikawiri pakamwa pa anthu.

Koma ka- wa mu kakowa sachepetsa chinthu. Ndi gawo la dzina lenilenilo, monga mu kalulu. Choncho timati kakowa wafika, akakowa afika. "Tikowa" kulibe.

Musalembenso kuti "mbalame zosambira". Zosambira ndi abakha ndi atsekwe. Timbalame iti timayenda pansi, pamchenga, m'matope kapena m'madzi osaya, n'kumapisa mlomo m'matopemo kufuna nyongolotsi. Mneni woyenera ndi kujompha pamene katola chapamwamba, kupisa pamene mlomo walowa pansi.