Mawu akamasweka, mnyamata wa kwaya aime pafupi ndi ndani?

Mnyamata wina wa zaka 14 wandilembera. Akuti: "Agogo, ndakhala ndikuyimba sopulano m'kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu kuyambira ndili Sitandade 4. Tsopano mawu anga akusweka, ndikati ndikweze amangothawa, anzanga n'kumaseka. Nyimbo yomwe ndinkatsogolera aipereka kwa mwana wina, chonsecho mwezi wamawa tikupita kukajambula. Kodi ndingosiya?"

Mdzukulu wanga, usasiye. Za mawuzo usataye nazo tulo, sukudwala. Kholingo lako likukula, timinofu totulutsa mawu m'katimo tikutalika ndi kunenepa, n'chifukwa chake mawu akutsika. Kwa anyamata ambiri amatsika kuchokera pa do wina mpaka pa do wam'munsi, ndipo zimatenga miyezi, ena chaka n'kupitirira. Tambala wamng'ono nayenso amayamba ndi kulira kosasa, khola lonse n'kumadabwa. Mazira aawisi ndi uchi zimene anzako azikuuza kuti umwe sizibweza sopulano. Mazirawo uwasiyire amayi ako agulitse. Iwe uzimwa madzi, usakakamize mawu okwera, ndipo kukuwa kubwalo la mpira uchepetseko.

Koma funso lomwe ukanandifunsa ndi lina. Pamene mawu akusweka chonchi, kukwayako waima pafupi ndi ndani? Ndawerenga kalata yako mpaka kumapeto, sindinapezemo munthu wamkulu ngakhale mmodzi. Muli anzako oseka, muli mwana wolanda nyimbo, muli situdiyo. Basi.

Ife tinakulira m'mipingo ya chigawo chapakati, ija inaphuka kuchokera ku Mvera kumene amishoni a Dutch anafika mu 1889. Kwathu kwaya inali imodzi. Ana kutsogolo, amayi ndi atsikana pambali, abambo kumbuyo. Aphunzitsi ankalemba solofa pabolodi ndi choko, d, r, m, f, s, timadontho ndi timizere pakati, ndipo mwana ankadziwa kuwerenga zimenezo asanadziwe n'komwe kulemba kalata. Nthawi yoyamba nyimbo ikakwana, aphunzitsi ankatulutsa kachitsulo kamphanda m'thumba la malaya, n'kukagogoda pabondo, n'kukaika kukhutu. Tchalitchi chonse zii. Kenako ankang'ung'udza mawu anayi, aliyense n'kutola ake.

Mnyamata akayamba kusasa, aphunzitsi ankamva msanga kuposa mwini wake. Sankanena kanthu pagulu. Poweruka ankangomukodola: "Iwe, Lachitatu ukaime kumbuyo, pafupi ndi a uje." Ine anandiika pafupi ndi mmisiri wina wa matabwa, munthu wosalankhulalankhula, malaya ake akununkhira utuchi wa mlombwa. Buku la nyimbo linali limodzi pakati pa awirife, chikuto chothothoka, chosokedwa ndi ulusi wa thumba la ufa. Tsiku loyamba anandiuza mawu awiri okha: "Usayimbe. Mvera." Chala chawo chokhala ndi chikhadabo chakuda chinkayenda pansi pa mzere wa besi, ine maso pomwepo. Ataona kuti sindikutola, anagwira dzanja langa n'kuliika pachifuwa pawo kuti ndimve mmene mawu akunjenjemerera m'katimo. Patapita masabata anandilola kung'ung'udza. Ndikaphonya, kachigongono m'nthiti, osayang'ana n'komwe. Ndikakhoza, palibe chimene ankanena, ndipo ndinkadziwira pomwepo kuti ndakhoza.

Panthawi imeneyo mnyamata sankakhala manja lende. Ndiye ankanyamula mabuku, kuthira parafini m'nyali, kupukuta galasi lake, kufufuta bolodi. Ndipo poweruka usiku sankapita yekha, ankatsagana ndi wamkulu uja mpaka pamphambano. Pajatu mawu akamasweka, si mawu okha amene akusintha m'thupi. Munjira muja, mumdima, ndi mmene munthu ankakufunsa za kusukulu, za mtsikana uja wa aluto amene wayamba kumuyang'anitsitsa, za kusamba, za mmene uyankhira amayi ako. Zinthu zimene bambo ako okubereka sakanakuuza maso ndi maso, mwamwambo wathu, ankakuuza a besi.

Mayeso ake anali pamaliro. Amayi m'nyumba ya siwa, abambo panja pamoto, nyimbo usiku wonse mpaka nkhuku zitalira. Pamenepo panalibe bolodi, panalibe kachitsulo. Mayi wina amangoyambitsa m'nyumbamo, inu panja mupeze nokha pamene mawu anu akukhala. Mnyamata amene wagwira besi pamaliro mpaka mbandakucha, mawa lake akuluakulu ankayamba kumupatsa moni wa m'manja.

Lero mwagawana makwaya ngati makalasi. Ya Sande sukulu payokha, ya achinyamata payokha, amayi a Chigwirizano kapena a Mvano paokha, abambo ngati alipo n'komwe. Sindikunyoza ayi. Mumayimba bwino, mayunifolomu anu ndi okongola, ndipo masitepe mumavinawo ife sitikanawatha. Koma wotsogolera kwaya yanu mwina ali ndi zaka 19, mawu ake omwe angokhazikika dzana. Adzakuphunzitsa chiyani za nyengo imene iyeyo waiwoloka mosadziwa? Ndiye pali kiyibodi. Nyimbo ikakwera, woyimba kiyibodi amangodina batani n'kuitsitsa, zimasipika n'kuphimba zonse, moti mwana atha kuyimba zaka zitatu osamvapo mawu a mnzake waima naye phewa ndi phewa. Ndinaonapo Lamulungu lina magetsi atathima pakati pa nyimbo, kwaya yonse n'kungoyang'anizana kudikira jenereta, mpaka gogo wina wakhala pamkeka kumbuyo ndiye anaitola nyimboyo. Anzako akusekawo si oipa mtima. Palibe anawauza kuti chaka chamawa ndi iwo.

Tsono chita izi. Upite kwa wotsogolera kwaya pa nokha awiri, mwaulemu, umupemphe akusunthire ku aluto kapena ku tena, kumene mawu ako akufika osapweteka pakhosi. Akasinthanso miyezi ikubwerayi, usunthenso, palibe manyazi. Kenako Lamulungu, m'malo mokhala pabenchi la anzako, tchera khutu mumpingo. Pali bambo wina amene amayimba besi nyimbo za m'buku popanda womuuza, mpingo uliwonse ali naye. Uwauze makolo ako kaye, kapena mkulu wa mpingo wa kudera kwanu, kuti ukufuna uzikhala pafupi ndi bamboyo. Sadzakana. Anthu amenewo akhala akudikira kuti wina awafunse.

Kojambulako upite, uime mzere wakumbuyo, uyimbe pamene ukufika, pamene sukufika utseke pakamwa. Ndipo mwana watenga nyimbo yakoyo usamuyang'ane ndi diso lofiira. Iwe ukudziwa pamene amapumira m'nyimbo imeneyo, iye sakudziwa. Loweruka ufike msanga, umutengere kuseri kwa tchalitchi ukamuonetse, foni ili m'thumba.