Kwa achimwene amene mwafunsa ngati kukana katemera wa korona unali umbuli wathu

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji anzathu akunja ankamvera malamulo a korona n'kukabayitsa katemera pamene ife Amalawi tinkazemba, ndipo mwamaliza ndi kufunsa ngati vuto ndi umbuli kapena chikhalidwe chathu. Ndiyankhe ngati munthu amene nthawi yonse ya mliri ndinali kuno ku England, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, koma mtima uli kwa mayi anga kumudzi ku Dedza. Ndinaona mbali zonse ziwiri, ndipo mawu akuti umbuliwo ndikuwakana.

Amene anakuuzani kuti azungu onse anamvera sanakuuzeni zonse. Kuno boma linalamula kuti kuyambira pa 11 November 2021 aliyense wogwira ntchito m'nyumba zosungiramo okalamba akhale atabayitsa kawiri, apo ayi ntchito yatha. Ine ndinali nditabayitsa kalekale. Koma mnzanga wina, mzungu wobadwira konkuno, amene tinkachezera naye usiku nthawi imene agogo athu ankamwalira motsatizana, ndinamuona ndi maso angawa akulongedza kapu yake ndi nsapato za kuntchito m'jumbo, misozi ili mbwee. Sanali mbuli. Chinamupweteka n'chakuti mu 2020 anthu ankamuwombera m'manja pakhomo ngati ngwazi, lero akumuuza kuti asankhe pakati pa jakisoni ndi malipiro. Boma lomwelo linafuna kuchita chimodzimodzi ndi madokotala ndi anamwino a m'zipatala za boma (NHS), koma litaona kuti ambiri achoka linabwerera m'mbuyo kumapeto kwa January 2022, ndipo mu March lamulo la kuntchito kwathu lija analichotsanso. Ku Austria anakhazikitsa lamulo loti wamkulu aliyense abayitse mu February 2022, mwezi wotsatira analiimitsa, kenako analitaya. Ku Canada oyendetsa mathiraki anatseka mzinda wa Ottawa kwa milungu pafupifupi itatu. Onsewo ndi anthu a masukulu.

Chitsanzo chimene chinanditsegula maso ine ndi cha France. Pa 12 July 2021 pulezidenti Macron atalengeza kuti wopanda chiphaso cha zaumoyo sadzalowa m'malo odyera ndi m'sitima za maulendo ataliatali, anthu anadandaula, ena anachita zionetsero, koma unyinji unathamangira kukalembetsa katemera usiku womwewo. Lamulo lomwelo litafika ku Guadeloupe ndi Martinique, zilumba za anthu akuda zimene zili pansi pa France, mu November misewu inatsekedwa ndi moto. Dziko limodzi, pulezidenti mmodzi, katemera yemweyo. Kusiyana kwake kunali chiyani? Kuyambira 1972 mpaka 1993 m'minda ya nthochi ya kuzilumbazo ankathira mankhwala ophera tizilombo otchedwa chlordecone, ndipo boma linalola kuti apitirize ngakhale kuopsa kwake kunali kutadziwika. Lero akuluakulu oposa 90 pa 100 alionse kumeneko ali ndi mankhwalawo m'magazi, nthaka ndi madzi zinaipa. Ndiye boma lomwe lija libwere n'kunena kuti tambasulani mkono, n'zokomera thanzi lanu. Inu mukanatambasula msanga? Ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, nkhani yake ndi yofanana. Mu 1996 ana anayesedwerapo mankhwala a Trovan pa nthawi ya mliri wa matenda oumitsa khosi, ena anamwalira, ndipo mu 2003 anthu kumeneko anakana katemera wa poliyo kwa miyezi yambiri. Mwana akapsa ndi phala, ngakhale lozizira amayamba waliuzira.

Kumene anthu anabayitsa mwaunyinji, nthawi zambiri sikunali kumene chikwapu chinali chachikulu. Ku Portugal sanakakamize anthu. Anapatsa ntchitoyo msilikali wa pamadzi, Henrique Gouveia e Melo, munthu wopanda chipani amene ankalankhula mosapita m'mbali, ndipo pofika October 2021 anthu 85 pa 100 alionse anali atamaliza. Ku Brazil pulezidenti wawo Bolsonaro ankanyoza katemera poyera, mpaka kunena zoti munthu atha kusanduka ng'ona, koma anthu anakaima pamizere chifukwa anakula akudziwa chipatala chaching'ono cha m'dera lawo chimene chakhala chikubaya ana awo kwa zaka zambiri.

Tsopano tibwere kwathu. Mukukumbukira kuti boma la a Peter Mutharika linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 April 2020. Mavenda ku Limbe ndi ku Mzuzu analowa mumsewu, a HRDC anapita kukhoti, ndipo Justice Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso kutatsala tsiku limodzi. Anzanga kuno ankadabwa kuti dziko lingakane bwanji kudziteteza. Ndinkawayankha kuti inu boma likukulipirani 80 pa 100 ya malipiro anu mutakhala pakhomo, firiji ili yodzaza, madzi ali m'nyumba. Mlamu wanga amapalasa kabaza. Akapanda kutuluka m'mawa, madzulo poto sakhala pamoto. Mayi wogulitsa tomato ndi usipa angabindikire bwanji masiku 21 opanda ufa? Anthuwo anawerengera bwino lomwe, anaona kuti njala ili pafupi kuposa korona. Lamulo lija linasokedwera thupi la munthu wina, ife anangofuna kutiveka.

Nanga maliro? Kuno anati anthu asapitirire 30, ndipo anthu anamvera ngakhale zinkawawa, chifukwa maliro a kuno ndi kale lomwe amakhala a banja ndi anzawo ochepa. Kwathu maliro ndi mudzi wonse. Pali kugona pasiwa, pali adzukulu, pali amayi ophika, pali a kwaya, pali amfumu oti alankhule. Kusapita kumaliro a mnzako ndi mlandu umene udzaukumbukira tsiku limene zidzakugwere iwe. Malume anga atamwalira mu January 2021, mwezi womwe tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndinaonera mwambo wonse pa foni. Mng'ono wanga ankayendetsa foniyo pang'onopang'ono kuti ndione. Masiki analipo, koma ambiri anali pachibwano, amayi atathithikana pamphasa mapewa akugundana. Ndinakwiya, ndinalira, komabe ndinadziwa kuti ndikanakhalapo nanenso ndikanakhala pamphasa pomwepo nditagwira mayi anga dzanja.

Ndiye pali nkhani ya kukhulupirirana. Anthu anauzidwa kuti asasonkhane, kwinaku akuona andale a mbali zonse akudzaza mabwalo pa kampeni ya chisankho cha June 2020. Kenako anamva za K6.2 biliyoni ya korona imene yambiri inathera m'maalawansi pamene odwala ankasowa mpweya m'zipatala. Katemera naye anafika mochedwa komanso mopereweza. Kuno anayamba kubaya pa 8 December 2020. Kwathu woyamba anafika pa 5 March 2021, wokwana 360,000 basi, dziko la anthu pafupifupi 19 miliyoni. Wina amene tinalandira anabwera atatsala milungu yochepa kuti athe mphamvu, ndipo mu May boma linawotcha wokwana 19,610 anthu akuona. Pofika June katemera anatheratu, ofuna jakisoni wachiwiri ankabwezedwa. Munthu amene wayenda mtunda wautali n'kubwezedwa, mawa mukamutcha wokana katemera mwamulakwira. M'mpata umenewo ndi mmene munalowa mauthenga a pa WhatsApp aja: 666, kusabereka, kufa pakatha zaka ziwiri. Ndipo pafupi nafe pomwepa pulezidenti Magufuli wa Tanzania ankauza anthu kuti korona yatha ndi mapemphero, azingofukiza, mpaka a Samia Suluhu Hassan, amene anamulowa m'malo, anadzabayitsa poyera mu July 2021.

Musandimve molakwa. Mphekesera zija zinali zabodza ndipo zinapha anthu. Kuntchito kwanga ndinaona kusiyana kwake: katemera asanabwere, korona ikalowa m'nyumba mwathu tinkadziwa kuti zipinda zingapo zikhala zopanda anthu, atabwera, agogo omwewo ankadwala chifuwa masiku angapo n'kudzuka kukamwa tiyi. Amene ankafalitsa bodza akudziwa, makamaka ataima paguwa, ali ndi mlandu. Chimene ndikukana ine n'kunena kuti Mmalawi ndi katemera sagwirizana. Ndi mayi uti kwathu amene sadziwa tsiku la sikelo? Amabereka mwana kumbuyo, kabuku ka chipatala atakakulunga m'pepala la pulasitiki, n'kuyenda makilomita angapo kuti mwana akalandire wa chikuku. Poliyo atapezeka mwa mwana ku Lilongwe mu February 2022, alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo ndipo ana mamiliyoni anadonthezedwa katemera m'kamwa. Ndi anthu omwewo, midzi yomweyo.

Mayi anga anakana kwa miyezi yambiri. Ndinkaimba foni Lamlungu lililonse, kuwauza kuti ine ndabayitsa ndipo ndili bwinobwino, iwo n'kumati wa kumeneko ndi wina, wa kuno amatitumizira ndi wina. Ndinawatumizira chithunzi cha a Chakwera akubayitsa ku Zomba, anati akuluakulu amawabaya madzi. Ankangomwa mandimu ndi jinja, n'kumafukiza masamba a bulugamu. Ine mwana wawo, amene ndimagwira ntchito ndi anamwino tsiku ndi tsiku, ndinalephera.

Anawatembenuza ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, bambo amene wayeza pasikelo zidzukulu zawo zonse, amene amadutsa pakhomo pa njinga n'kupatsidwa chinangwa. Anabwera ndi bokosi lake lozizira tsiku lina anthu akutuluka m'tchalitchi, anakhala pansi pa mtengo, ndipo amfumu ndiwo anayamba kupinda malaya. Mayi anafunsa mlangiziyo ngati iye mwini anabayitsa, anawaonetsa khadi lake. Anafunsanso ngati mawa angathe kupita kudimba, anawauza zoona kuti mkono uwawa ndipo mwina thupi litentha tsiku limodzi. Madzulo ake anandiimbira okha, chinthu chimene sachitachita chifukwa cha mayunitsi, kundiuza kuti abayitsa, mkono ukulemera, ndipo khadi aliika m'Baibulo.