Mzere umodzi pa tsiku la 20, koma tulo palibe

Kalata yanu, achimwene, inalowa 2 koloko usiku, ndipo nthawi yokhayo inandiuza zambiri ndisanayambe n'kuwerenga komwe. Mwati kondomu inaphulika muli ndi mkazi amene simumudziwa bwino. Munadziyeza nokha HIV ndi kachipangizo ka OraQuick pa tsiku la 12, munakayezetsanso kuchipatala pa tsiku la 20, konseko unatuluka mzere umodzi, kusonyeza kuti kachilombo sikanapezeke. Koma pakhosi pakuwawa, chakudya sichikulowa, ndiye mukufunsa ngati zotsatirazi n'zodalirika.

Ndinaiwerenga katatu kalatayi, chifukwa mu 2008 ndikanailemba ndine.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka 25, ndinkagwira ntchito m'sitolo ina ku Limbe, ndikuchita lendi ku Bangwe. Zinachitika pobwera ku ukwati wa mnzanga, ndipo ine sindingati kondomu inaphulika, panalibe n'komwe. Kutacha ndinadzuka bwinobwino. Mantha anandigwira pa tsiku lachitatu ndili m'minibasi, munthu wina kumbuyo atangotsokomola, ndipo sanandisiye kwa miyezi itatu yathunthu.

Kuti mumvetse mantha amenewo ndiyenera kukuuzani za malume anga. Anamwalira mu 1997 ine ndili ndi zaka 14. Anali munthu wojintcha, wokonda kuseka, woti akafika pakhomo ana tonse timathamangira ku thumba lawo. M'chaka chawo chomaliza ndine amene ndinkawaboolera lamba ndi msomali wotentha, chifukwa zibowo zonse zinali zitawakulira. Ndinaboola zinayi. Akuluakulu sankalitchula dzina la matendawo, ankangonong'ona kuti "ndi omwewa", ena n'kumati matenda a boma. Mankhwala aulere kunalibe, ma ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, malume atagona kale zaka 7 m'manda. Choncho ine ndikamva mawu akuti HIV, chimene chinkabwera m'maso mwanga chinali lamba uja.

Ndinayamba kudzifufuza thupi ngati ndataya ndalama m'udzu. M'mawa uliwonse ndinkatenga kachidutswa ka galasi n'kumayang'ana lilime ngati layera. Ndinkakanikiza m'khosi ndi m'khwapa kufuna mwanabere, kukanikiza mpaka malowo anayambadi kuwawa, ine n'kuti eya, zayamba. Panali anyamata ena amene ankakhala ndi sikelo m'mbali mwa msewu, umawapatsa kandalama n'kukwerapo. Ndinkakwera m'mawa popita, madzulo pobwera. Nditatsika ndi makilo 3 ndinakalira kuseri kwa sitolo, osaganiza kuti munthu amene wakhala milungu itatu akungonyambita nsima ayenera kutsika basi.

Ndinayezetsa ka 6. Ndinkapita malo akutali kuti wina asandidziwe. Pamalo ena mlangizi anandikalipira kuti ndikuwononga zipangizo za boma, ndipo ndinatuluka ndi manyazi ophatikiza pa mantha. Koma pa ulendo wachisanu ndinapeza mayi wina wachikulire. Sanathamangire kundibaya chala. Anandifunsa kuti, "Mwana wanga, zinachitika liti?" Nditawauza tsikulo, anatsitsa kalendala pakhoma, natenga cholembera n'kuyamba kuwerenga masiku mokweza, ine ndikuona. Atafika pa 90 anazunguliza tsikulo. Anati lero tiyeza, koma yankho lako lenileni lili apa, ndipo ngakhale utabwera tsiku lililonse, tsikuli silisuntha. Palibe munthu anali atandifotokozerapo choncho.

Ndiye ndinene mosabisa, chifukwa zimandipweteka ndikamamva anthu m'magulu a WhatsApp akuti "makinawa amanama". Sanama. Kachipangizo kobaya chala kaja, monga Determine amene amayambira m'zipatala zathu, kwenikweni kamafufuza chitetezo chimene thupi limapanga likaona kachilombo. OraQuick nayenso amafufuza chomwecho, kungoti iye amatenga madzi a m'nkhama. Thupi silipanga chitetezocho tsiku limodzi, limatenga milungu. Ukayeza lisanapange, mzere umodzi umene watulukawo ukunena zoona za moyo wako wa miyezi itatu yapitayo kubwerera m'mbuyo, koma za usiku wa masabata awiri apitawo sunayambe kunenapo kanthu. Nthawi yodikira imeneyi ndi imene achipatala amaitchula kuti window period. Amene amakuuzani kuti pa tsiku la 12 nkhani yatha akukunamizani, ndipo amene amati ngakhale patatha chaka sungadziwe akukunamizaninso, ndipo achiwiriwa ndi amene amandikwiyitsa kwambiri chifukwa amasunga anthu m'ndende ya nkhawa popanda chifukwa.

Za zizindikiro ndiye musandiyambitse. N'zoona kuti anthu ena akangotenga kachilombo amatentha thupi, kumva zilonda zapakhosi, kutuluka zidzolo, pakati pa sabata yachiwiri ndi yachinayi. Koma tandiuzani, kuno kwathu ndani amene amatha miyezi itatu osatenthako thupi? Malungo alipo, chimfine chilipo, fumbi lilipo. Ndipo ena amene atengadi kachilomboka samva chilichonse. Zizindikiro sizingakuuzeni kuti muli nako, sizingakuuzeninso kuti mulibe. Mukamafunsa Google usiku, iye sakudziwani, angokupatsani m'ndandanda wa zonse zimene munthu wamantha amazipeza pathupi pake. Nkhawa payokha imaumitsa pakhosi, imatsegula m'mimba, imatulutsa thukuta usiku. Ine zonsezi zinandichitikira ndilibe kachilombo.

Pali chinthu china chimene mpaka lero ndikachikumbuka mtima umandiwawa. M'masiku atatu oyambirira aja ndinangokhala, osadziwa kuti kuli mankhwala otchedwa PEP. Munthu akawayamba pasanathe maola 72 chichitikireni zinthuzo, n'kumwa masiku 28 osadumphitsa, amachepetsa kwambiri mpata woti kachilombo kakhazikike. Inuyo achimwene maola amenewo adutsa, sindikunena izi kuti ndikuwonjezereni chisoni. Ndikunenera ena amene akuwerenga pano. Timaphunzitsa ana athu mayina a mitsinje ndi mapiri, koma mnyamata amafika zaka 25 osadziwa kuti kondomu ikaphulika Loweruka usiku, Lamlungu m'mawa ayenera kukhala ali pachipatala. Mtsikana wogwiriridwa amabisala m'nyumba sabata yathunthu chifukwa cha manyazi, maola aja akutha. Izi sindizivomereza, ndipo makolo ndi atsogoleri a mipingo amene amati kunena za PEP n'kulimbikitsa chiwerewere ndimatsutsana nawo poyera.

Komanso tiyeni tione chimene mukuchiopacho. Mantha amene ine ndinali nawo anali a 1997, ndipo ndikuganiza kuti ambiri tikusenzabe mantha a maliro a zaka zimenezo ngakhale zinthu zinasintha. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo m'Malawi amayamba mankhwala nthawi yomweyo, osadikira kuti adwale. Ambiri pano akumwa mbulu umodzi patsiku. Munthu amene akumwa mokhulupirika mpaka tizilombo tosaonekanso poyeza magazi sapatsira mnzake pogonana. Msuweni wanga, mwana wa malume omwe aja, ali pa mankhwala zaka zoposa 10, amagulitsa kaunjika, ali ndi ana awiri obadwa opanda kachilombo, ndipo thupi lake ndi la bambo ake lija la kale, lisanayambe kufuna msomali. Sindikuti kachilomboka n'kabwino. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti anthu 8.9 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali nako, ndiye si nkhani yoseweretsa. Koma si imfa imene mukuiona mukatseka maso.

Masiku ake ndi awa

Bungwe la CDC la ku America limati zoyezera zofufuza chitetezo, zomwe ndi zambiri mwa zobaya chala ndi zodziyeza wekha, zimayamba kuona pakati pa masiku 23 ndi 90. Zoyezera za mu labu zotenga magazi a mumtsempha, zofufuza chitetezo pamodzi ndi kachidutswa ka kachilombo kotchedwa p24, zimaona pakati pa masiku 18 ndi 45. Zofufuza kachilombo kenikeniko zimaona pakati pa masiku 10 ndi 33, koma sizipezeka paliponse. Choncho zanu za tsiku la 12 musaziwerengere, makamaka poti za m'kamwa zimachedwerapo kuona poyerekeza ndi za magazi. Za tsiku la 20 nazonso zinafulumira. Pitaninso pakatha masabata 6, pamenepo ambiri amakhala ataoneka kale, kenako komaliza pa tsiku la 90. Mzere umodzi pa tsiku limenelo, ngati simunadziikenso pachiopsezo pakatipa, ndiye kuti mulibe. Ikatuluka iwiri sakuuzani pompo kuti muli nako, amayezanso ndi zipangizo zina kuti atsimikize.

Bungwe lomwelo limayerekeza kuti mwamuna akagonana kamodzi mosadziteteza ndi mkazi amene ali nako koma sakumwa mankhwala, mpata wotenga ndi pafupifupi 4 pa 10,000. Umakwera ngati pali zilonda kumaliseche kapena ngati mkaziyo wangotenga kumene, koma onani kuchepa kwake, ndiponso simukudziwa n'komwe ngati iye ali nako.

Chimodzi chokha ndikupemphani mwamphamvu. Ngati muli ndi mkazi kunyumba kapena chibwenzi, gwiritsani ntchito kondomu mpaka tsiku la 90 lidutse, chifukwa munthu amene wangotenga kumene ndi amene amapatsira mosavuta. Ndikudziwa kuti kufotokoza chifukwa chake n'kovuta kuposa kubayidwa chala. Pakhosipo kaonetseni kuchipatala ngati mmene mukanachitira chaka chatha, ndipo muwauze zonse kuti akuoneninso matenda ena opatsirana pogonana, monga chindoko ndi chinzonono, amene amachizika. Mantha akakupanikizani, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni mulankhule ndi munthu, m'malo mobwerera pagalasi.

Ine tsiku langa la 90 linagwa Lachiwiri. Ndinapempha kwa abwana kuti ndichedwa, ndinapeza mayi aja ali pomwepo, kalendala ikadali ndi chizindikiro chawo chija. Tinadikira mphindi 15 osalankhulana. Nditatuluka ndinagula chimanga chootcha ziwiri pamsewu n'kudya zonse nditaimirira. Mwandiuza tsiku lanu m'kalata muja, ndawerenga, ndipo ndalilemba pa kalendala yanga. Mudzandilembere likafika, kaya zituluka bwanji.