Kodi ndere za m'kasupe wotentha zingandidwalitse?

Funso: Adokotala, ndimakonda kusamba pa kasupe wa madzi otentha kwathu kuno ku Nkhotakota. Pamiyala pamamera zinthu zoterera, zina zobiriwira zina zachikasu. Ena amati zimachiza matenda a pakhungu, ena amati ndi poizoni. Zoona ndi ziti?

Yankho: Zimene mukuonazo, ngakhale zimafanana ndi ndere wamba, kawirikawiri amakhala mabakiteriya okhala mosanjikizana, omwe amadzipangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga amachitira masamba a chimanga. Akasupe omwe anafufuzidwa kwambiri ndi a ku Yellowstone, ku America, kumene anapeza kuti pamwamba pamakhala mtundu wobiriwira wotchedwa Synechococcus, womwe umapirira kutentha kwa madigiri pafupifupi 73, pamene pansi pake pamakhala Chloroflexus, yemwe amakhutira ndi kuwala kotsalira. M'akasupe omwewo munapezekanso bakiteriya wina wotchedwa Thermus aquaticus, amene sadalira dzuwa, koma ife achipatala timamuyamikira, poti kwa iye ndi kumene kunachokera chipangizo chachikulu cha njira ya PCR, yomwe timayezera HIV mwa makanda.

Mabakiteriya odalira dzuwawa sangakhazikike m'thupi mwanu, momwe mulibe kuwala ndipo kutentha kwake ndi madigiri 37 okha. Komabe si mankhwala. Musapake pa bala kapena kumeza, chifukwa ina mwa mitundu yobiriwira imatulutsa poizoni.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si nderezo ayi, koma madzi ofunda bwino omwe anthu amakonda kusambiramo. M'madzi otere mumatha kukhala kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Naegleria fowleri, komwe kamaswana mpaka pa madigiri 46 ndipo kamalowera m'mphuno n'kukafika ku ubongo. Matendawa sachitikachitika, koma pafupifupi onse owadwala amamwalira. Choncho musamize mutu, ndipo ana musawalole kudumphiramo. Munthu akayamba kumva mutu kwambiri, kutentha thupi, kusanza ndi kuuma khosi patangopita masiku ochepa atasamba, athamangire kuchipatala ndipo anene kumene anasamba.

Madziwo musamamwe tsiku ndi tsiku, pakuti akasupe otentha ambiri a m'dera lathu ali ndi mchere wa fluoride wochuluka, womwe umathimbiriritsa mano a ana. Ngati muli ndi matenda a shuga ndipo mapazi anu amachita dzanzi, yambani mwayesa madzi ndi chigongono, chifukwa mukhoza kupsa osamva kanthu.